Kodi Nyumba ndi Njerwa Chabe?

Amayi anzanga a Chigwirizano, pali mawu amene timakonda kunena tikapita kukapepesa mnzathu amene nyumba yake yapsa kapena yagwa ndi mvula: "Musalire amayi, izi ndi za pansi pano, chachikulu ndi moyo." Mawuwa ndi oona ndipo timawanena ndi mtima wabwino. Koma tiyeni tiwayese pa anthu amene nyumba za makolo awo zinatha ndi nkhondo, tione ngati akukwanira.

Ena mwa inu mukukumbukira Lachisanu Loyera la pa 13 April 1979, pamene asilikali a Rhodesia analowa mu Lusaka usiku nagumula nyumba imene Joshua Nkomo ankakhala pafupi ndi State House. Mwini wake sanalimo. Nkhaniyo inalembedwa m'mabuku, pakuti inali nyumba ya munthu wamkulu. Nyumba za anthu wamba ndizo zimasowa wozilemba.

Taganizirani za Milange, tauni yaing'ono ya ku Mozambique imene ili pamalire ndi Malawi, pafupi ndi phiri la Mulanje. Kunali minda ya tiyi, masitolo ndi nyumba zanjerwa za m'nthawi ya Apwitikizi. Asilikali a Renamo anailanda mu 1986 ndipo boma linaitenganso mu 1988. Nyumba zambiri kumeneko sizinagwe ndi mabomba ayi. Anazisasula pang'onopang'ono. Malata, zitseko, mafelemu a mazenera, zonse zinanyamulidwa pamutu, ndipo zina zinakagulitsidwa kutsidya kwa malire. Anatsala ndi makoma okha, udzu n'kumera m'zipinda zimene ana anabadwiramo. Tsono ngati zinagulitsidwa, ndiye kuti wogula analipo. Lata lililonse linakafolera nyumba ya munthu wina, mwina mkhristu woimba kwaya Lamulungu, amene sanafunse chifukwa chake lata lotsika mtengo chotere linali kale ndi zibowo za misomali.

Inu a ku Matero, George ndi Kanyama mukudziwa mtengo wa nyumba. Thumba limodzi la simenti pakutha pa mwezi, mabuloko khumi ndalama ya chilimba ikatuluka, malata awiri atatu kuchokera ku Heavy Industrial Area atakwezedwa pa wilibala. Nyumba ya zipinda zitatu imatha kudya zaka khumi za mayi wogulitsa tomato. Wosasula denga lake wamubera zaka zimenezo. Nanga ikakhala nyumba imene agogo anamanga, mmene munachitikira maukwati ndi maliro a mibadwo itatu?

Malemba sapeputsa zimenezi. Naboti anakana kugulitsa munda wamphesa kwa mfumu Ahabu, ngakhale analonjezedwa wina wabwino koposa, chifukwa unali cholowa cha makolo ake (1 Mafumu 21). Mika anadzudzula anthu othamangitsa akazi m'nyumba zawo zimene ankazikonda (Mika 2:9). Koma nkhani imene imandigwira mtima kwambiri ndi ya pa Yeremiya 32. Ankhondo a ku Babulo atazinga Yerusalemu, mneneri ali m'ndende, Mulungu anamuuza kuti agule munda wa mbale wake ku Anatoti. Anayesa siliva pasikelo, naitana mboni, nalamula kuti makalata a mundawo asungidwe mumphika wadothi kuti akhalitse. Mulungu amene analola mzinda kugwa ndi yemweyo amene anasamala za makalata a malo a banja limodzi.

Wina adzati, nanga Ambuye sanatichenjeze za kudzikundikira chuma pansi pano? Anatichenjeza ndithu, ndipo tonse taonapo abale akudana mpaka kumanda chifukwa cha nyumba ya bambo awo. Koma chenjezolo ndi lakuti munthu adziyese nalo yekha pamene nyumba yake ili chiimire. Tikalitenga n'kukaliika pamutu pa amene walandidwa, limasanduka chinthu china. Ngati nyumbayo inali njerwa chabe, ndiye kuti wosasula alibe mlandu waukulu, wogula lata alibe chobweza, ndipo ifenso tikhoza kupemphera mwachidule n'kubwerera kwathu osapereka ngakhale msomali. Ndikuopa kuti nthawi zina mawu athu achitonthozo aja amapepuza ife eni kuposa wolirayo.

Kwathu kum'mawa nkhondo yomweyo tinaiona ndi maso. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 a Renamo ankadumpha malire n'kuukira midzi ya ku Chadiza, Katete ndi Petauke, ndipo anthu opitirira 20,000 othawa ku Mozambique, ambiri a m'chigawo cha Tete, anakhazikitsidwa ku Ukwimi m'boma la Petauke. Kumeneko anapatsidwa minda, kunali sukulu ndi zipatala, ndipo ana ambiri anabadwira konko. Pangano la mtendere litasainidwa ku Rome pa 4 October 1992, pofika 1994 ambiri a iwo ananyamuka kubwerera kwawo, kumene misewu ina inali ikadali ndi mabomba okwirira pansi. Nyumba sanazipeze. Ena anazindikira malo awo ndi mitengo ya mango imene makolo anabzala, ena ndi manda, ndipo anayamba kudula mitengo ya denga pomwepo.