Dzina la Mnzathu Wosayankha

Ana athu amene apitirira maphunziro kufikira ku sukulu za ukachenjede, monga ku Zomba kapena ku Bunda, makamaka iwo ofuna digiri yachiwiri, amakomana ndi mlandu umene ife a kumudzi tingathe kuuweruza, tingakhale sitinapondemo m'zipinda zimenezo. Mlanduwo uli wotere. Mphunzitsi agawa ophunzira m'magulu a anthu anayi, napatsa gulu lililonse funso limodzi lakuti alifufuze ndi kulemba yankho lake pamodzi. Atchula tsiku lakupereka, ndipo malikisi amene pepalalo lidzalandira adzagwera onse chimodzimodzi. Atatu ayamba kugwira ntchito, koma wachinayi angoti zii. Amtumizira mawu pa lamya, osayankha. Amuitanira ku msonkhano, osaoneka. Ndipo tsiku lija lilikuyandikira monga mvula iyandikira munda wosasosa. Usiku wotsiriza atatuwo alemba ndi gawo lake lomwe, nafika pa tsamba loyamba, pamene palembedwa maina a eni ntchito. Kodi dzina la wachinayiyo alilembe, kapena alisiye?

Ambiri a ife tidzafulumira kunena kuti alilembe, pakuti munthu sataya mnzake chifukwa cha pepala. Ena adzati iyayi, mlesi aone zake. Koma tisanagamule, tiyeni tiyambe tapita ku dima.

Mwini munda akafulula thobwa naitana anansi ake, anthu salowa m'munda chisawawa. Yense atenga mzere wake, ndipo makasu ayenda pamodzi. Wotsalira aonekera kwa onse. Akakhala mnyamata wamphamvu, anzake amseka kufikira achita manyazi nafulumiza khasu. Akakhala mayi wokalamba kapena munthu wodwala, otsiriza msanga atembenuka nayamba mzere wake kuchokera kumutu, kufikira akomana naye pakati. Chimenecho ndi chifundo ndithu. Koma taonani, abale, kuti chifundo cha pa dima sichibisa kanthu. Onse adziwa amene anathandizidwa ndi amene anathandiza, ndipo wothandizidwayo athokoza poyera. Palibe wonena kuti mayi uja analima yekha mzere wonse.

Chimene makolo anadziwa ndi khasu, ena anachiyesa ndi chingwe. M'zaka za m'ma 1880, Max Ringelmann, mphunzitsi wa za ulimi wa ku France, wofuna kudziwa mphamvu za anthu, za ng'ombe ndi za akavalo pa ntchito, anauza anyamata kuti akoke chingwe, poyamba yense payekha, pambuyo pake m'magulu. Zimene anapeza anazisindikiza mu 1913: gulu likamakula, mphamvu ya munthu mmodzi inali kuchepa, kotero kuti anthu 8 pamodzi anakoka pafupifupi theka chabe la mphamvu imene akadatulutsa yense akadakoka monga anachitira ali yekha. Wina akhoza kunena kuti anthu ambiri amapingana miyendo ndipo sakoka nthawi imodzi. Ndipo m'mawu amenewo muli zoona. Koma mu 1974, ku America, Alan Ingham ndi anzake anamanga anthu nsalu m'maso nawauza kuti ena alikukoka kumbuyo kwawo, pamene kunalibe wokoka. Anthuwo anafowoketsa manja, wowapinga palibe. Mu 1979 Bibb Latané, Kipling Williams ndi Stephen Harkins anapeza zomwezo mwa anthu ouzidwa kufuula ndi kuomba m'manja; ndipo patapita zaka 2, atauza ofuulawo kuti liwu la yense lidzayesedwa palokha, kufowoka kuja kunatha.

Sitinena kuti anthu oyesedwawo anali oipa mtima. Anali anthu wamba, onga ife ndi ana athu. Dzanja losaoneka limalefuka lokha, mwini wake osazindikira. Chifukwa chake mlandu wa mnzathu wosayankha nthawi zambiri umayamba tsiku loyamba, pamene anayiwo anagwirizana ndi mawu okoma akuti, "Tonse tidzachita zonse." Munda wopanda ndime ndi umenewo. Pakadanenedwa kuti uje awerenge mabuku akutiakuti nabwere ndi masamba 3 Lachisanu, uje asonkhanitse mawerengero, uje alembe mathero, ndipo zikadalembedwa pamene onse aziona, wosayankhayo akadadziwika sabata loyamba, nthawi ikadalipo yakumfunsa.

Kumfunsa kumene ndiko kumasowa. Mawu a pa lamya ndi opepuka. Amatumizidwa kwa gulu lonse, ndipo yense ayesa kuti akunena mnzake. Kale munthu akasowa pa ntchito ya mudzi, ankatuma wina kukaodira pakhomo pake. Wotumidwayo ankapeza zimene sakadazidziwa ali kutali: mwana ali gone ndi malungo, kapena banja lapita ku maliro. Ophunzira a digiri yachiwiri ambiri ndi anthu a mabanja ndi a pa ntchito; wina ndalama za sukulu zamthera ndipo alikuyendayenda kufuna ngongole. Koma chilipo chifukwa china chimene ife ogwira choko tachiona kawirikawiri, kwa ana a sitandade 3 ndi kwa akulu omwe: manyazi. Munthu sanamvetse funso. Tsiku loyamba anaopa kufunsa. Tsiku lachitatu anaona mnzake wochenjera atalemba kale masamba osalala, ndipo zake zinamuonekera ngati zachibwana. Sabata litatha, anayamba kuchita manyazi ndi kukhala chete kwake komwe, ndipo uthenga uliwonse wofika unakhala ngati wamangawa wogogoda pakhomo. Wotereyu sayankha chifukwa wamangika, ndipo mawu aukali angolimbitsa mfundo. Pena wochenjera uja ndiye anamtseka pakamwa, pofufuta zonse zimene anzake alemba ndi kulemba zake; pambuyo pake adandaula kuti wasenza denga ndi mutu umodzi.

Tsono mmodzi wa atatuwo apite yekha, akamuone ndi maso. Asayambe ndi mlandu. Afunse za moyo, monga tichitira, kenaka anene poyera kuti gawo lake ndi ili, tsiku lake ndi ili, ndipo ngati lamkulira alichepetse kapena alichitire pamodzi. Anenenso, mosaopseza, chimene gulu lidzachita tsikulo likapitirira.

Nanga zonsezi zitachitika, iye nakhalabe chete? Apa ife tiima ndi iwo akuti dzina lisalembedwe, koma pa chifukwa china. Sitifuna kuti mlesi alangidwe. Kulanga si kwa anzake. Chifukwa chathu ndi chakuti dzina lolembedwa pa tsamba loyamba ndi umboni. Atatuwo alikuuza mphunzitsi kuti munthu uyu anagwira nawo ntchito. Mphunzitsi akhulupirira napereka malikisi, sukulu ikhulupirira mphunzitsi nipereka digiri, ndipo tsiku lina anthu osamdziwa adzakhulupirira digiriyo namuika kuyang'anira za umoyo m'boma lonse, kapena kulangiza alimi za mbewu, kapena kuphunzitsa aphunzitsi a ana athu. Anthu amenewo sanali m'chipindamo usiku uja, koma ndiwo adzalipira chifundocho. Kupatsa mnzako tulo tako ndi thukuta lako n'kwabwino, pakuti ndi zako. Chikhulupiriro cha anthu ena si chako kuti uchigawe.

Tidziwa kuti mawu awa ndi olemera. Munthuyo akhoza kulephera phunzirolo, ndipo kumbuyo kwake kuli abale amene anagulitsa mbuzi ndi fodya kuti iye akafike kumeneko. Tidziwanso kuti kukanena mnzako kwa wamkulu kumaoneka ngati ukazitape, ndipo palibe wofuna dzina limenelo. Koma kazitape amanena mseri. Ife tikunena za mawu amene mwini wake anawamva poyamba, nauzidwa tsiku limene adzaperekedwa. Ndiponso mphunzitsi ali nazo m'manja zinthu zimene anzakewo alibe. Akhoza kuonjezera masiku, akhoza kupatsa munthuyo ntchito yakeyake, akhoza kumtumiza kwa othandiza ngati vuto ndi matenda kapena ndalama. Zimenezi zimatheka mphunzitsi akamva kudakali masabata awiri, osati m'mawa wa tsiku lakupereka. Obisa mnzawo amamtsekera khomo limenelo, namsiya adzakomane ndi umbuli wake pa mayeso kapena polemba buku lake lotsiriza, pamene sipadzakhala gulu lobisalamo.

Pouza mphunzitsi, anene zimene zinachitika, asanene za mtima wa munthu. Anene kuti anagawana tsiku lakuti, anamlembera kangapo, mmodzi anapita kukamuona, ndipo gawo silinafike. Mawu akuti "ndi waulesi" awasiye, pakuti chimenecho sanachione.

Watsala mmodzi, amene amabwera kawirikawiri kuposa wosowa chisowere: iye wotulukira kutatsala masiku awiri, napepesa, napempha kuti dzina lake lilowe. Uyu asampitikitse, pakuti m'munda simulephera kutsala pakulima. Ampatse mawerengero onse awabwereze, aone ngati mabuku otchulidwa anenadi zimene gulu lalemba, akonzekere kuimirira pamaso pa kalasi ndi kuyankha mafunso a gawo limodzi. Akazichita, dzina lake lilembedwe, ndipo pansi pa maina onse anayi paikidwe mizere inayi yonena chimene yense anagwira. Mzere wake udzakhala waufupi kuposa ya anzake, ndipo auwerenge ndi maso ake pepala lisanapite.