Za Nsapato, ndi za Mphotho ya Wanchito

Mwezi uno tifuna kulankhula nanu za nsapato. Kapena wina adzati, Kodi nsapato zilowa bwanji m'Mau a Mulungu? Tsegulani buku la mneneri Amosi, mutu 8, ndipo mudzazipeza. Pamenepo Yehova atsutsana ndi amalonda a m'Israyeli, anthu akuba pa muyeso, amene kwa iwo mtengo wa mmphawi unalingana ndi mtengo wa cobvala ca ku mapazi. Muwerengenso Yakobo 5:4, pakuti mau athu atsamira pa malo awiri amenewa.

Tsiku la msika ku Dedza, ku Bembeke kapena ku Lizulu, muona milu ya kaunjika, ndi anyamata athu ataizinga, alikusankha nsapato za mpira ndi za liwiro. Zambiri mwa izo ziri ndi cizindikiro conga cikwakwa cogona cagada, ndipo dzina lace ndi Nike. Zina nzenizeni, zimene anayamba abvala anthu a kutsidya kwa nyanja, zina nzongofanizira. Mnyamata agulitsa ndowa za mbatatesi kuti apeze nsapato zimenezo, nayenda nazo monyada pa njira ya ku chalichi. Ife sitimdzudzula ai, pakuti cisanu ca June kuno kwathu cidziwika, ndipo mapazi ong'aluka sakometsa pemphero. Koma tifunsa: anazisoka ndani, ndipo analandira ciani?

Kampani imeneyi inayamba m'caka ca 1964 ku Oregon, m'dziko la America. Anaiyamba anthu awiri, Phil Knight ndi Bill Bowerman, amene anali mphunzitsi wace wa liwiro. Dzina la Nike inalitenga mu 1971. Cimene ambiri sacidziwa ndi ici, kuti kampaniyo sisoka yokha nsapato zace. Imapangana ndi eni mafakitale a ku Vietnam, ku Indonesia, ku China ndi kwina, kumene anchito sadula, kuti aisokere. Iyo nkungoika mtengo ndi kugulitsa. Cifukwa cace pamene zoipa zinayamba kumveka, kuyankha kwace koyamba kunali kwakuti anthuwo sali anchito ace, koma a eni mafakitale. Kuyankha kumeneku tikudziwa. Makolo athu anakumva m'masiku a thangata, pamene mwini esiteti anati mlandu ngwa kapitao. Ndipo Kaini ndiye anayamba kukunena, pofunsidwa za mbale wace.

Mu 1996 magazini ya Life inasindikiza cithunzi ca mwana wa zaka 12 wa ku Pakistan, atakhala pansi, alikusoka mpira wokhala ndi cizindikiro cija. M'caka cotsatira, 1997, inaululika kalata ya anthu amene kampaniyo inawatuma yokha kukayendera fakitale ina pafupi ndi Ho Chi Minh City ku Vietnam. Kalatayo inanena kuti anchito, ambiri a iwo asungwana, anapuma tsiku ndi tsiku mpweya wa mankhwala omatira nsapato, woposa kutali muyeso umene lamulo la dzikolo linalola, ndi kuti ambiri anadwala m'cifuwa. Taonani, kampaniyo inaidziwa nkhaniyi isanamveke kunja, pakuti kalatayo inali yace.

Pamenepo anthu anapfuula. Ophunzira a m'sukulu zazikuru za ku America anakana zobvala zace, olemba nyuzi sanaleke kulemba. Ndipo mu May 1998 Phil Knight anaimirira poyera ku Washington, nabvomera kuti dzina la malonda ace lakhala limodzi ndi malipiro a ukapolo ndi nchito yokakamiza. Analonjeza kuti wosakwana zaka 18 sadzalembedwanso m'fakitale ya nsapato, ngakhale wosakwana zaka 16 m'fakitale ya zobvala, ndi kuti mpweya wa m'mafakitale udzakonzedwa. Mu 2005 kampaniyo inaulula maina ndi malo a mafakitale oposa 700 amene anaisokera, kuti ali yense wofuna akaone yekha. Ici tiyenera kucinena mwacilungamo, kuti cinali cabwino, ndipo makampani ena anatsata pambuyo pace. Mkristu saloledwa kucitira umboni wonama ngakhale munthu wolemera.

Koma tiyeni tiyese kulapaku ndi muyeso wa Zakeyu, pa Luka 19. Zakeyu sanadikire kuti amgwire. Ananena yekha kuti adzabweza, ndipo kubweza kwace kunali kanai. Tsono mverani. Mu 2012 fakitale ina ya ku Indonesia yosokera Nike inabvomera kulipira madola monga miliyoni imodzi kwa anchito monga 4,500, cifukwa ca maora oonjezera amene anagwira osalipidwa. Mukagawa, munthu mmodzi analandira madola opitirira pang'ono 200. Inatero pokha-pokha bungwe la anchito litalimbana nayo miyezi yambiri. Ndipo inalipira zaka ziwiri zokha, pakuti lamulo la kumeneko silinalole kufunsa zoposa apo, cinkana a bungwelo anati mcitidwewo unakhala zaka 18. Zaka zotsalazo ziri kuti? Mayi amene anasoka usiku, mwana wace alikulira ku nyumba, ndipo anacoka pa nchito cisanafike caka cobwezaco, adzampatsa ndani? Yakobo atiuza kuti mphotho yomanidwa iri ndi pakamwa pace, ndipo kulira kwace kufika kumene lamulo la Indonesia silifika.

Wina adzati, Koma kampaniyo imapereka zacifundo. Inde, ipereka, ndipo zina zinafika ngakhale kuno. Bungwe la Girl Effect, lothandiza asungwana, linayambitsidwa ndi thumba la zacifundo la Nike, lisanayambe kuima pa lokha mu 2015. Ndipo ndi bungwe lomwelo limene mu 2017 linabweretsa Zathu m'dziko muno, nyimbo ndi masewero a pa wailesi amene ana athu anamvera. Sitinyoza zimenezo. Koma mphatso ndi mphotho, cinkana maina ace amveka ngati a pa cibale, ndizo zinthu ziwiri. Mphatso upereka pamene wafuna, kwa amene wafuna, anthu alikuona. Mphotho si yako konse. Iri ya mwini thukuta, ungoisunga m'thumba mwako kufikira madzulo. Munthu sangathe kutenga nkhuku ya mnzace, nakapereka dzira lace kwa mwana wamasiye, nati mlandu watha.

Ndiponso mu 2019 wothamanga wochuka wa ku America, Allyson Felix, analemba poyera kuti atabala mwana kampaniyo inafuna kumcepsera malipiro kwambiri. Anthu anakwiya, ndipo patapita miyezi yowerengeka kampaniyo inasintha lamulo lace, kuti mayi wothamanga asacepsedwe malipiro miyezi 18 pa nthawi ya pakati ndi ya kubala. Apanso cinakonzedwa cabwino, ndipo apanso cinakonzedwa manyazi atafika kale pakhomo. Maweruzo athu tsono ndi awa: kampani ya Nike yasintha zambiri kuyambira 1996, koma m'nkhani zonse taziwerengazi inasintha poonedwa, monga mwana aleka kuba ndiwo pakumva mapazi a amace. Ulemu wa kusinthako upite kwa asungwana a m'mafakitale amene analimba mtima kunena, ndi kwa iwo amene anawamvera.

Musayese kuti izi nza ku Asia kokha. Mu November 2019 boma la America linaletsa fodya wa dziko lino kulowa m'madoko ace cifukwa ca nchito ya ana ndi yokakamiza. Ndipo mu 2020 matenanti zikwi-zikwi pamodzi ndi ana ao anasumira makampani a British American Tobacco ndi Imperial ku bwalo la mirandu la ku London, makampaniwo nakana mlandu. Ambiri a ife tiri nao abale amene anamuka ku maesiteti a ku Kasungu ndi ku Mchinji, nabwerako ndi mphasa yokha.

Pano mpamene mau a Amosi aleka kuloza kutsidya kwa nyanja, nayamba kuloza pa bwalo pathu. Nkwapafupi kutsutsa Mzungu wa ku Oregon, pakuti iye sadzawerenga nyuzi ino. Koma m'mwezi wa January, njala italowa m'mudzi, mkazi wamasiye abwera kudzapempha ganyu, napalira mizere yako kuyambira mbandakuca kufikira dzuwa lapendeka, umpatsa ciani? Kambale ka gaga, kapena mau akuti, Mubwere tikakolola. Ng'ombe zako aziweta mwana wa mnansi wako wa zaka 10, amene sadziwa khomo la sukulu, pamene ako ali m'kalasi. Pogula mbatatesi kwa alimi anzako ubwera ndi ndowa imene unaifutukula pa moto kuti ilowe zambiri, koma pogulitsa uturutsa ina. Ndipo tsiku la zopereka za masika usenza thumba lalikuru la cimanga kunka nalo kutsogolo, mpingo wonse nukuyimbira. Kodi wasiyana pati ndi kampani ija? Wasiyana pa kukula kwa thumba pokha. Cilamulo ca Mose, pa Deuteronomo 24:14-15, cilamula kuti wanchito wosauka alandire zace tsiku lomwelo, usanagwe mdima, ndipo sicipatula mwini munda wamng'ono.

Sitikuuzani kutentha nsapato zanu. Kutero sikungaonjezere kanthu m'dzanja la msungwana wa ku Vietnam, ndipo wogulitsa kaunjika nayenso ali ndi ana. Zibvaleni, ndipo pomanga zingwe zace mupempherere manja amene anazisoka, pakuti ndiwo manja a anthu okhala ndi maina, amene Kristu anawafera monga anafera ife.

Mwezi wa mawa kuli Mgonero wa Ambuye. Tapempha akulu a mpingo kuti, poyendera midzi masabata awiri akudzawa, afunse nyumba iri yonse ya Mkristu ngati muli ngongole ya ganyu, kapena mwana wolembedwa ubusa amene ayenera kukhala pa sukulu. Amene ali nayo ngongole yotere ayambe wapita kwa mwini wace ndi ndalama kapena cimanga, pamaso pa mkulu mmodzi, lisanafike Loweruka la cikonzekero.