Kodi Kudzipereka Kuli ndi Malire?

M'chaka cha 1874 mpingo wathu unatumiza mmishonale wake woyamba kutsidya la nyanja. John Nevins Andrews, amene mkazi wake anali atamwalira kale, anachoka ku America kunka ku Switzerland pamodzi ndi ana ake awiri, Charles ndi Mary. Mu 1876, mumzinda wa Basel, anayamba kusindikiza nyuzipepala ya Chifalansa yotchedwa Les Signes des Temps. Pofuna kudziwa bwino chinenerocho, banjalo linapangana kuleka kuyankhula Chingerezi pakhomo. Iwo ankadzimana chakudya chabwino kuti ndalama zipite ku ntchito yosindikiza.

Mary anamwalira ndi chifuwa chachikulu mu 1878, ali ndi zaka 17. Atate ake anamwalira ndi nthenda yomweyo mu 1883, ali ndi zaka 54.

Nsembe yotere timailemekeza, ndipo kutero n'koyenera. Komabe tidzifunse: kodi Mulungu amafuna kuti wantchito wake adziwononge chifukwa cha ntchito? Werengani Marko 6:31 ndi 1 Akorinto 6:19, 20. Yesu amene anatuma ophunzira ake ndi yemweyo amene anawaitana kuti akapumule. Thupi la mtumiki nalonso ndi la Ambuye.

Funsoli likhudzanso ife otsala kumudzi. Mtumiki akamadzimana chakudya kudziko lachilendo, mlandu suli pa iye yekha. Ulinso pa ife omutuma. Paja mutu umodzi susenza denga.

Zoti tikambirane: Kodi zopereka zathu za mishoni zikugwirizana ndi mapemphero amene timapempherera atumiki?