Safunsa Anadya Phula: Zimene Zinatseketsa Tinjira ta ku Gion

M'chaka cha 2024 anthu a ku Gion, dera lakale la mumzinda wa Kyoto ku Japan, anafika potopa. Bungwe la eni dera linakhoma zikwangwani zoletsa alendo kulowa m'tinjira tina ta eni ake, ndipo linachenjeza kuti wolowamo alipira chindapusa cha mayeni 10,000. Kujambula zithunzi m'tinjirati popanda chilolezo kunali kutaletsedwa kale mu 2019, koma ambiri sanamvere. Msewu waukulu wa Hanamikoji udakali wotsegula chifukwa ndi wa aliyense. Komabe anthu odziwika ndi kulandira bwino alendo sangafike potseka njira popanda chowapweteka.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Munthu wapatsidwa chisa cha njuchi, manyazi kapena matama amuletsa kufunsa, ndiye akutafuna chosadyedwa uchi uli pomwepo.

Ku Gion ndi kwawo kwa ma geiko, akazi amene amatha zaka akuphunzira kuvina, kuimba chida choimbira chotchedwa shamisen ndi kusangalatsa alendo m'nyumba za tiyi. Ophunzira awo amatchedwa maiko, ndipo ambiri ndi atsikana a zaka zapakati pa 15 ndi 20. Madzulo, mtsikana wotere akamafulumira kupita kuntchito, khamu la alendo limamuthamangira, foni zili m'mwamba. Eni dera akhala akudandaula kuti ena amamutsekera njira, ena amamukoka chovala chake cha kimono, ena amagwira zokongoletsera tsitsi lake, enanso amalowa m'mabwalo a nyumba za anthu kufuna pojambulira pabwino. Ameneyu ndi mwana wa eni, ali pantchito yake, ndipo palibe amene wamufunsa.

Chodzikhululukira chimene chimamveka kawirikawiri n'chakuti mlendo samva Chijapani. Zoona, chinenerochi chimazunguza mutu. Chimalembedwa m'njira zitatu, hiragana, katakana ndi kanji, ndipo zilembo za kanji zimene boma linasankha kuti zizigwiritsidwa ntchito tsiku ndi tsiku zilipo 2,136. Munthu wophunzira bwino kwawo amatha kuima pakhomo la lesitilanti osatha kuwerenga ngakhale dzina la chakudya, n'kumangoloza mbale zapulasitiki zoonetsera pawindo. Amaponda mkeka wa tatami ndi nsapato. Amatuluka m'chimbudzi atavalabe masilipasi a m'chimbudzimo. Amasiyira woperekera chakudya ndalama yothokoza, mwiniwakeyo n'kumuthamangira kuti am'bwezere poganiza kuti waiwala. Palinso msampha wina: Mjapani sakonda kukana mwachindunji. Amangoti "chotto", kutanthauza "pang'ono", kenako n'kukhala chete, ndipo mlendo amayesa kuti nkhani idakali mkati pomwe yatha kale.

Zolakwa zoterezi n'zosachimwira dala, ndipo eni dziko amazikhululuka tsiku lililonse. Za ku Gion sizili m'gulu limeneli. Kodi pamafunika kanji zingati kuti munthu adziwe kuti kukoka chovala cha mtsikana wosam'dziwa n'kulakwa? Zikwangwani zamatabwa za m'derali zili ndi zithunzi zoonetsa zoletsedwa, moti ngakhale wosadziwa kuwerenga amamva. Chenjezo la chindapusa linalembedwanso m'Chingelezi. Foni imene mlendo akujambulira ndi yomweyo imene ili ndi pulogalamu yomasulira. Liwu lakuti "sumimasen", lopempha kuti munthu akumvetsere, amaliphunzira aliyense asanatsike ndege. Ngakhale wosadziwa liwu ndi limodzi lomwe angathe kuloza kamera yake n'kudikira kuti mwiniwake agwedeze mutu. Amene sachita zimenezi sikuti chinenero chamulepheretsa. Sakufuna kufunsa chifukwa akudziwa kuti angakanizidwe.

Chomvetsa chisoni n'chakuti uchi unalipo. Mlendo wotereyu akanafunsa kuhotela kumene wagona, akanamuuza za Miyako Odori, gule amene ma geiko ndi maiko a ku Gion amavina mwezi wa April, mwambo umene unayamba mu 1872. Akanamulozeranso ku Gion Corner, kumene wogula tikiti amaonera maiko akuvina atakhala pampando. M'malo mwake wabwerera kwawo ndi chithunzi cha mtsikana wowerama amene akuthawa. Ndipo mosiyana ndi wa m'mwambi uja, amene anapweteka m'kamwa mwake yekha, uyu wadyetsa phula ndi anzake: mlendo waulemu amene wabwera pambuyo pake wapeza kanjira kotseka.

N'zoona kuti kufunsa sikutsegula khomo lililonse. Nyumba za tiyi za ku Gion zili ndi mwambo wosalandira munthu amene sanabwere ndi womudziwitsa, kaya ndi Mjapani kaya ndi wakunja, ndipo ena amapsa nazo mtima. Koma kukanizidwa ndi yankho ndithu, ndipo eni nyumba ali ndi ufulu wolipereka.

N'zoonanso kuti boma la Japan lili ndi mbali yake pa vutoli. Linaitana lokha alendo, ndipo cholinga chake n'chakuti pofika 2030 azifika 60 miliyoni pachaka. Mu 2024 anabwera pafupifupi 36.9 miliyoni, kuposa 31.9 miliyoni a mu 2019, ambiri atakopeka ndi kutsika mphamvu kwa yeni. Anthu a ku Kyoto amavutika kupeza malo m'basi chifukwa cha masutikesi a alendo, mpaka mu June 2024 mzindawu unayambitsa mabasi apadera opita kumalo oonera. Kuchulukana kumeneko mlandu wake ndi wa boma, ndipo lingakuchepetse ndi ndalama. Koma amene akukoka kimono ndi munthu wamkulu, woti anakwanitsa kudzipezera pasipoti, tikiti ya ndege ndi chipinda chogona m'dziko limene chinenero chake sachimva, ndipo pa zonsezo anafunsa.