Sukulu ya m'Nyumba ya ku Epworth

Mwana wopita kusukulu ali nao akulu awiri omlamulira, ndipo iwo sakhala malo amodzi. Mphunzitsi akomana naye m'mawa, wobvala bwino, ali ciriri pabolodi. Amai ace awapeza madzulo ali pamoto. Wina akamkalipira, athawira kwa winayo. Koma alipo mabanja m'maiko ambiri amene aphunzitsa ana ao ang'ono panyumba, ena cifukwa sukulu iri kutali, ena cifukwa ca matenda, ena mwa kufuna kwao. Ndipo m'mwezi wa March 2020, pamene masukulu a m'Zambia anatsekedwa cifukwa ca mliri wa Covid-19, makolo ambiri anailawa nchito imeneyi osaiyembekeza. M'nyumba yotere mai ndi mphunzitsi ndiye munthu mmodzi. Mwana alibe kothawira, naye mai alibe kobisala. Pamenepo funso lakale lidzuka ndi mphamvu: kodi kholo liri nao ulamuliro wotani pa cifuniro ca mwana, ndipo ulamulirowo uimira pa ciani?

Ndi owerengeka akazi amene anasiya mbiri yolongosoka ya nchito yotere monga Mai Susanna Wesley, amene anabadwa m'caka ca 1669 namwalira mu 1742. Iye ndiye amake wa John ndi Charles Wesley, oyambitsa mpingo wa Methodist, umene nthambi yace ya m'Zambia inalowa mu United Church of Zambia m'caka ca 1965. Mwamuna wace, Samuel Wesley, anali mbusa pa mudzi wa Epworth m'dziko la England, munthu wophunzira koma wosatha kusunga ndalama, kotero kuti mu 1705 anaponyedwa m'ndende ya ku Lincoln cifukwa ca mangawa. Susanna anabala ana 19. Anakula 10, amuna atatu ndi akazi asanu ndi awiri. Ana amenewa anayamba maphunziro ao pa mapazi a amai ao, ndipo mu July 1732 Susanna analembera John kalata yaitali yofotokoza m'mene anacitira.

Mwana sanayambe kuwerenga asanakwane zaka 5. Dzulo lace la tsiku loyamba sukulu nyumba yonse inali kukonzedwa, ali yense napatsidwa nchito yace, ndipo kunalamulidwa kuti munthu asalowe m'cipinda cophunziriramo kuyambira 9 koloko kufikira 12 koloko, ndi kuyambira 2 koloko kufikira 5 koloko. Pa tsiku loyambalo mwana anayenera kutha zilembo zonse, zazikulu ndi zazing'ono. Anatero ndithu, kupatula Molly ndi Nancy, amene anatha tsiku limodzi ndi theka. Amai ao anawayesa opanda nzeru, kufikira anadzaona m'mene ana a eni acedwera pa nchito yomweyo, pamenepo anasintha maganizo. Atadziwa zilembo, mwana anatsegula buku la Genesis, nachula zilembo za ndime yoyamba cimodzi cimodzi, naibwereza kufikira ataiwerenga osadodoma, napita ku yaciwiri. Samuel, mwana woyamba, anayamba mu February, ndipo pofika Pentekoste anali kuwerenga mutu wathunthu. Kezzy yekha anamuyambitsa asanafike zaka zisanu, amai ace osafuna, ndipo iye anatha zaka pa cimene abale ace anathera miyezi.

Kunja kwa sukulu moyo unali wa dongosolo lomwelo. Ana anadya katatu pa tsiku, pa kagome kao pafupi ndi gome la akulu. Kudya pakati pa nthawizi kunaletsedwa pokhapokha mwana atadwala. Cinthu cocilirira sanapatsidwe. Popempha kanthu ngakhale kwa wanchito wamng'ono anayenera kunena mwaulemu, ndipo poitanana okha okha sanachule dzina lokha osawonjeza mau akuti mbale kapena mlongo. Pofika 8 koloko usiku onse anali atasamba nagonekedwa.

Maziko a zonsezi Susanna sanawabise. Cinthu coyamba, iye anatero, ndico kugonjetsa cifuniro ca mwana akali wamng'ono. Pakuti nzeru ilowa pang'ono pang'ono, koma kumvera kuyenera kukhazikika msanga. Ana ace pofika caka cimodzi anaphunzitsidwa kuopa nthyole ndi kulira motsitsa mau, ndipo iye ananyadira kuti nyumba yace inali cete ngati mulibe mwana.

M'mau amenewa muli coonadi, ndipo si bwino kucitaya cifukwa ca kuwawa kwace. Mwana wopatsidwa ciri conse acilirira sali mfulu. Ali kapolo wa nkhuli yace ndi mkwiyo wace, ndipo kholo lomlekerera poti lamkonda limsenzetsa katundu amene adzamlemera atakula. Akulu ananena kuti kuongola mtengo mpoyamba. Komatu mwana si mtengo. Mtengo ukaongoka watha, sudzafunsidwanso kanthu. Koma mwana adzafunsidwa. Tsiku lidzafika limene wina adzamtambasulira ciphuphu, kapena mkulu wa panchito adzamuuza kulemba bodza, kapena anzace adzamkokera kumene safuna, amai ace ali kumanda. Ndipo pa tsikulo cida cace cokha ndico cifuniro comwe cija. Kholo lothyola cifuniro ca mwana lithyola khasu limene mwanayo akadalimira. Olima ndi ng'ombe adziwa kusiyana kwa ng'ombe yozolowera goli ndi ng'ombe yothedwa mtima ndi cikoti: yoyambayo ikoka, inayo igona mumzere.

Za khanda lolira motsitsa mau ndizo zomvetsa cisoni koposa. Khanda la caka cimodzi silidziwa cabwino ndi coipa. Cimene liphunzira ndico cakuti kulira kuitana ululu wina. Kutonthola kwace sikutanthauza kuti bvuto lace latha. Ofufuza za kakulidwe ka ana apeza kawiri kawiri kuti kumenya sikukonza khalidwe la mwana mokhalitsa, koma kuonjeza mantha ndi ukali; ndipo m'Zambia lamulo la Children's Code Act la 2022 liletsa kulanga mwana mwa kummenya. Pa mfundo iyi Susanna anali mwana wa nthawi yace, ndipo palibe cifukwa comtsatira.

Nyumba ya ku Epworth yokha inacitira umboni za kucepa mphamvu kwa mantha. Mu February 1709 nyumbayo, ya mitengo ndi denga la udzu, inapsa usiku. John, wa zaka zisanu, anamturutsira pazenera munthu woimirira pa mapewa a mnzace, denga liri pafupi kugwa. Ana anabalalika, nasungidwa m'nyumba za anthu ena kufikira nyumba yatsopano itamangidwa. Pobwera anali atatola mwano, nyimbo zosayenera ndi kusasamala tsiku la Sabata, ndipo amai ao anayambanso nchito. Ulemu umene unaguluka msanga cotere, mpanda utangocoka, uyenera kuti wina unali wa mpandawo, wosati wa mumtima.

Tsono pali cinthu codabwitsa. Ana a m'nyumba imene cifuniro cinayenera kugonjetsedwa sanakule ofooka mtima. John Wesley, atatsekeredwa zitseko za macalici, anayamba kulalikira pabwalo mu 1739, osabwerera m'mbuyo ngakhale anamponya miyala. Kodi kulimba kumeneku anakutenga kuti? Woyang'anitsitsa aona kuti anakuona mwa mphunzitsi wace. Susanna asanakwane zaka 13 anasiya mpingo wa atate wace, amene anali mlaliki wochuka, nalowa Church of England, pakuti anatsimikiza mumtima kuti kutero nkoyenera. Atakwatiwa anakana kubvomera Amen pa pemphero lopempherera Mfumu William, amene iye sanamuyese mfumu yeniyeni, ndipo mwamuna wace anacoka panyumba miyezi ingapo cifukwa ca mlanduwo. Mu 1712, mbusayo ali ku London, anasonkhanitsa anthu m'nyumba mwace madzulo a Sabata nawawerengera maulaliki, anthu nafika 200, ngakhale wothandiza mbusa anadandaula. Ana anakula akuona mkazi amene cifuniro cace sicinathyoke, koma cinamangika ku cikumbu mtima.

Ndipo m'kalata yomwe ija, pambuyo pa mau a nthyole, muli malamulo asanu ndi atatu a m'nyumba amene anthu sawachula kawiri kawiri. Wowawerenga bwino apeza kuti ambiri a iwo samanga mwana, koma kholo. Susanna anazindikira kuti mantha a cilango ndiwo abala bodza. Cifukwa cace analamula kuti mwana wobvomera kulakwa kwace nalonjeza kuleka asamenyedwe. Mwana asadzudzulidwe kawiri pa mlandu umodzi, ndipo akaleka asakumbutsidwenso. Akayesa kucita cabwino nalephera, kufuna kwaceko kulandiridwe, ndipo aongoledwe mokoma. Lonjezo lisungidwe, ndipo mphatso yoperekedwa isalandidwenso. Ca mwini cikhale ca mwini, ngakhale phini. Ndipo mwana wamkazi asayambe kusoka asanadziwe kuwerenga bwino, lamulo limene linamana mai wosaukayo manja amene akadamthandiza msanga.

Apa ndipo pagona yankho la funso lija. Mphunzitsi wa kusukulu angathe kuphunzitsa cilungamo m'mawa nacita cinyengo kwace madzulo, ana osadziwa. Mai wophunzitsa panyumba sangathe. Mwana amene amuuza pa 10 koloko kuti bodza nloipa ndi yemweyo adzamva pa 12 koloko cimene mai adzauza wobwera kudzalonjerera ngongole. Amuona atatopa, amuona atakwiya, akumbukira nthoci imene anamlonjeza Lolemba. Tsiku ndi tsiku mwanayo ali kuyesa cinthu cimodzi, ngakhale alibe mau ocinenera: kodi lamuloli liri pamwamba pa ine ndekha, kapena pamwamba pa amai omwe? Likamanga mwana yekha, limeneli si lamulo, ndi mphamvu cabe, ndipo phunziro limene alitenga ndi lakuti wamkulu acita comwe afuna. Adzadikira kukula kuti naye atero. Koma akaona kuti amai, dzanja liri m'mwamba, alibweza cifukwa iye wabvomera kulakwa ndipo lamulo liwaletsa, azindikira kuti onse awiri agwadira cinthu cimodzi cowaposa. Kumvera kotere sikutha amai akacoka, pakuti sikunali kumvera amai okha.

Kuti cinthu ici ncobvuta, nyumba yomweyo ionetsa. Susanna analemba kuti lamulo la wobvomera kulakwa likadathetsa mabodza ambiri koposa, munthu mmodzi wa m'banjamo akadalola kulisunga. Sanamchule dzina, koma ambiri ayesa kuti ananena mwamuna wace. Kholo limodzi likasunga pangano, lina nililumpha, mwana aphunzira kuyang'ana nkhope asananene zoona. Ndipo lamulo losakumbutsa wolapa linalephera pamene linafunika koposa. Hetty, mwana wamkazi wanzeru zakuya ndi wolemba ndakatulo, anatenga pakati asanakwatiwe. Mu 1725 anakwatiwa ndi William Wright, munthu wosayenerana naye, ndipo atate wace anakhala nthawi yaitali osamkhululukira ngakhale iye analapa. Kukhululukira mwana wobera uci nkwapafupi. Mayeso eni eni a lamulolo anadza mwanayo ali ndi zaka zoposa 25.

John mwini anayesa kusamutsa dongosolo la amai ace. Mu 1748 anatsegula sukulu yogonera komweko ku Kingswood, pafupi ndi Bristol, kumene ana anadzuka 4 koloko m'mamawa ndipo nthawi ya masewera kunalibe. Sukuluyo inamsautsa zaka zambiri. Mabelu ndi malamulo asamutsika. Koma cinalipo cina ku Epworth cimene sicinalembedwe m'malamulo asanu ndi atatu aja.

Zitapita zaka zowerengeka cicokere moto uja, Susanna anapatula nthawi madzulo ali onse yoceza ndi mwana mmodzi pa yekha. M'kalata ya 1712 anauza mwamuna wace m'mene anagawira masiku: Lolemba Molly, Laciwiri Hetty, Lacitatu Nancy, Lacinai John, amene kwao anali kumucha Jacky, Lacisanu Patty, Loweruka Charles, ndipo pa Sabata Emily ndi Sukey pamodzi. Mkazi amene anali ataphunzitsa maora asanu ndi limodzi, m'nyumba ya mangawa ndi makanda, anadzimanga yekha ndi pangano lina, limene mwana wa zaka zinai anatha kuliwerengera pa zala nadziwa ngati lasungidwa. Pa nthawi imeneyo panalibe zilembo zoloweza. Mai anali kufunsa za mumtima mwa mwanayo, namvetsera.

M'caka ca 1732, comwe cija ca kalata yaitali, John anali ndi zaka 28, mbusa wodzozedwa ndi mphunzitsi pa Lincoln College ku Oxford. Mu February, mtima wace uli wosakhazikika pa za moyo wace wauzimu, analembera amai ace ku Epworth. Anawapempha kuti, ngati nkotheka, ampatulirenso kanthawi kaja ka madzulo a Lacinai.