Za Kupempha Maphunziro ku China, ndi Mangawa Ace

Caka ndi caka, pamene mvula yakhazikika ndipo anthu a kuno kwa Kapondo atanganidwa ndi kupalira cimanga ndi mtedza, pamveka mbiri yakuti Boma la China liri kuitana anyamata ndi asungwana a m'Malawi kuti apemphe malo m'masukulu ace akuru a ukacenjede. Mbiri iyi iyenda m'manyuzipepala ndi m'mafoni, ndipo ikalowa m'nyumba momwe muli mwana amene anakhoza bwino mayeso ace, tulo ticepa m'nyumbamo. Atate ayamba kuwerenga mbuzi za m'khola kuti aone ngati zingakwanire mtengo wa pasipoti ndi ulendo wa ku Lilongwe. Amai alingalira za kutalika kwa dzikolo. Koma liripo funso limodzi limene kawirikawiri liiwalika m'cipwirikiti cimeneci, ndipo ndifuna kuti tiliganizire pamodzi, abale: munthu akaphunzira ndi cuma cosakhala cace, nzeru zimene abwera nazo ziri za yani?

Tiyambe tadziwa cimene ciri kupemphedwa. Dziko lathu linapangana ubale ndi Boma la ku Beijing m'mwezi wa December 1927 ndi kuonjezapo zaka 80, ndiko kunena 2007, m'masiku a Pulezidenti Bingu wa Mutharika; kufikira pamenepo, kuyambira 1966, ubale wathu unali ndi Taiwan. Ubale watsopanowo unatsegula njira yakuti Amalawi alandire thandizo la maphunziro, limene ophunzira alichula sikolashipi, loyendetsedwa ndi bungwe la China Scholarship Council limene linakhazikitsidwa mu 1996. Wosankhidwa salipira sukulu, apatsidwa pogona ndi thandizo la ku cipatala, ndiponso ndalama ya mwezi ndi mwezi yodyera. Pa muyeso umene unalengezedwa mu 2015, wa digiri yoyamba alandira ma yuan 2,500, wa digiri yaciwiri 3,000, ndi wa digiri ya udokotala 3,500. Pali malire a msinkhu: zaka 25 kwa oyambawo, 35 kwa aciwiri, ndi 40 kwa acitatu. Wopempha alemba dzina lace pa intaneti, naperekanso masatifiketi ace otsimikizidwa, kalata ya dokotala amene anamuyeza m'thupi, umboni wakuti alibe mlandu, ndi kalata yace ya iye mwini yofotokoza cimene afuna kukaphunzira ndi cifukwa cace. Amene maphunziro ao adzakhala m'cinenero ca komweko, ngati sacidziwa, ayamba atha caka ali kuphunzira cinenerocho cokha. Pa msonkhano wa maiko a mu Africa ndi China ku Beijing mu 2018, Pulezidenti Xi Jinping analonjeza malo 50,000 otere kwa Africa yense. Ciwerengero cimeneci cimveka cacikuru, koma cikagawidwa kwa maiko oposa 50 ndi kwa zaka zitatu, gawo la dziko limodzi licepa, ndipo opempha acuruka koposa malo.

Tsono tibwerere ku funso lathu. Ena ayankha kuti nzeruzo ziri za wopereka ndalama, ndipo aopa kuti mwana wathu adzasanduka kapolo wa dziko la eni. Makolo athu anati, kupatsa nkuika. Ndipo nzoona kuti palibe Boma limene litaya cuma cace popanda kuyembekeza kanthu. China afuna abwenzi m'maiko ano, anthu odziwa cinenero cace ndi makina ace, amene tsiku lina adzakhala m'maofesi ndi m'malonda. Maiko a ku Ulaya ndi Amereka acita cimodzimodzi ndi mathandizo ao. Mulibe manyazi m'menemo, pokhapo wolandira alandire maso ali cipenyere. Mangawa ace kwa China ndiwo a mlendo kwa mwini nyumba: kuthokoza, kusunga malamulo a dzikolo, ndi kuphunzira mwakhama kuti cuma ca eni cisapite pacabe. Koma mwini nyumba amene wakupatsa nsima sanagule mtima wako.

Ena ati nzeruzo ziri za mwana yekha, pakuti ndiye amene anacezera usiku pa kanyali, anzace ali m'tulo. Mau awa ali ndi coonadi cace, ndipo waulesi sayenera kucepsa thukuta la mnzace. Koma taonani cinthu ici. Malo amene apitira m'manja a Boma lathu ndi a kazembe wa China ku Lilongwe apatsidwa kwa dziko la Malawi, dzina la munthu ali yense lisanalembedwepo. Mwana wa kwa Kapondo akalowa pamalo pamenepo, pali wina wa ku Nsanje kapena wa ku Chitipa, wokhoza monga iye, amene watsala. Iye amene wapita wanyamula mwai wa anzace amene sadzawaona nkhope. Akati, Nzanga ndekha, aiwala otsalawo.

Enanso ati nzeruzo ziri za banja, pakuti atate ndi amai ndiwo anagulitsa fodya ndi soya kulipira sukulu ya sekondale. Mwana wosakumbuka makolo ace ndiye wopanda mwambo, ndipo palibe amene angamchinjirize. Koma kodi banja lokha ndilo linamlera m'maphunziro? Njerwa za cipinda cimene anaphunziramo A ndi B zinaumbidwa ndi mudzi wonse, ndi iwo omwe amene ana ao sanafike patali. Mphunzitsi wace analipidwa ndi msonkho wa dziko, umene mai wogula katundu pa msika wa Mkanda aponyapo gawo lace mosadziwa. Cotero mangawa akuru a wophunzirayo ali kwa anthu a dziko lino. Banja lace liri pakati pao, koma silitha onse.

Cimene ambiri sacizindikira ndico cakuti mangawa awa sayamba tsiku lokwera ndege. Ayamba tsiku limene wopempha agwira colembera kulemba kalata yace ija. Pafupifupi onse alemba kuti adzabwera kudzathandiza dziko lao, pakuti adziwa kuti osankha akonda kumva mau otere. Apa ndipo pali yeso. Wina atenga kalata ya mnzace amene anapita kale nasinthako dzina lokha. Wina asankha phunziro limene mtima wace sulifuna konse, cifukwa wamva kuti opempha kumeneko ali owerengeka, ndipo cimene afuna ndico kucoka kokha. Wina afunafuna mbale wa mu ofesi kuti amnenere, kapena apereka ndalama kwa anthu oyendayenda onena kuti ali ndi njira yacidule, ngakhale malo awa sagulidwa. Anthu otere adzitonthoza nati, Sindinalakwire munthu, ndangodzaza pepala. Koma bodza la pa pepala liri ndi mwini wace amene limpweteka, ndiye uja amene analemba zoona natsala. Kuba mbuzi kucititsa manyazi cifukwa mwini mbuzi alira poyera. Kuba malo a mnzako sikumveka kulira kwace, koma kutaya kwace kuposa mbuzi khumi. Ndipo mau awa akhudzanso aphunzitsi amene alemba makalata a umboni: kuyamikira wosayenera cifukwa ca cibale ndiko kuthandizana naye kuba.

Dziko la China lomwelo litiphunzitsa kanthu pa nkhani iyi, pakuti nalonso linatumiza ana ace kunja pamene linali lofoka. Yung Wing, amene anatsiriza maphunziro ace ku Yale mu 1854, anakakamiza akuru a dziko lace kufikira anabvomera kutumiza anyamata 120 ku Amereka, kuyambira 1872. Mmodzi wa oyambawo anali Zhan Tianyou, amene anaphunzira za kumanga miseu ndi njanje, nabwera kwao mu 1881. Poyamba sanampatse nchito yoyenera maphunziro ace, ndipo zinapita zaka asanagwire njanje. Koma pakati pa 1905 ndi 1909 ndiye anatsogolera kumanga njanje yocokera ku Beijing kunka ku Zhangjiakou, yopyola m'mapiri obvuta, nchito imene alendo ambiri anayesa kuti eni dziko sangaithe okha. Nafenso tiri naye wathu. Daniel Sharpe Malekebu wa ku Chiradzulu anatsiriza maphunziro a udokotala ku Meharry, ku Amereka, mu 1917. Pofuna kubwera kwao, Boma la atsamunda linayamba lamkaniza, popeza mishoni ya Providence Industrial Mission kumene anakulira inali yotsekedwa citacitike nkhondo ya John Chilembwe ya 1915. Iye sanati, Andikana, basi ndamasuka. Anatumikira ku Liberia ali kudikira, ndipo mu 1926 anafika natsegulanso mishoniyo. Onse awiri anapeza khomo la kwao losatseguka bwino, koma sanayese kubvutako cifukwa cokwanira ca kuiwala kwao.

Pano wina adzanditsutsa, ndipo kutsutsa kwace nkolemera. Adzati, Mulankhula za kubwera, koma abwerere ciani? Alipo m'mizinda mwathu ana a madigiri amene akhala zaka osapeza nchito. Ndipo ndalama yathu ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi magawo 44 pa 100 tsiku limodzi mu November 2023. Kodi nkucimwa munthu akapeza nchito kunja natumiza ndalama zomangira amace nyumba ya malata? Sindinena kuti yense wocedwa kunja ali wakuba. Alipo amene atsalira zaka zina kuti aonjeze luso, kapena amene afunafuna nchito kuno nailephera. Ndipo mangawa abwezedwa m'njira zambiri, monga kuphunzitsa ana a m'mudzi amene si abale ako, kapena kutumiza nzeru zako kwa ogwira nchito kuno. Kusiyana kuli mumtima pa tsiku lolemba lija. Wina analonjeza zoona, nthawi nimtsekereza. Wina analonjeza alikudziwa kuti sadzacita. Woyambayo ali wamangawa amene wacedwa kubweza, ndipo akumbuka. Waciwiriyo anatenga ndi cinyengo kuyambira paciyambi.

Ndiponso kubwera ndi thupi lokha sikubweza mangawa. Munthu angatsike ndege nakhala mu mzinda moyo wace wonse, wosapindulitsa wina koma mimba yace. Cifukwa cace wopempha ayenera kuyang'ana kwao asanasankhe phunziro. Boma lathu la Mchinji lichuka ndi mtedza, koma cuku cimene cigwira mtedza wosaumitsidwa bwino cidwalitsa anthu ndi kutsekereza misika ya kunja. Madambo a m'mbali mwa Bua ali ndi madzi, pamene minda yambiri idikira mvula yokha. M'zipatala zazing'ono za kumidzi odwala acuruka koposa owathandiza. Mwana amene aona zimenezi ndi maso ace, nasankha za ulimi, za kuthirira kapena za umoyo cifukwa zamkhudza mtima, sadzasowa colemba m'kalata yace, ndipo sadzafuna kubwereka mau a mnzace.

Ifenso otsala tiri ndi mbali yathu. Walira mvula walira matope: tikafuna ana athu abwere ndi nzeru zatsopano, tilole kuti adzatiuze kuti njira zina zimene tizolowera siziri zabwino, osawanena kuti adzikuza. Tisawayese nkhokwe yakuti mbale ali yense atapemo, kufikira aopa kuponda pa mudzi. Ndipo tisawacitire nsanje kapena kuwaopseza ndi mau a m'mbali, pakuti ambiri athawa kwao cifukwa ca malilime a anansi koposa cifukwa ca umphawi.

Cotero, inu makolo, musanagulitse mbuzi ija, khalani pansi ndi mwana wanu, ndi atsibweni ace pomwepo, ndipo mumuuze awerenge kalata yace pamaso panu, aimasulire m'cinenero cathu mau ndi mau. Akafika pamene alonjeza zimene adzacitira dziko lace, mumfunse ngati angathe kunena mau omwewo pabwalo la mfumu, pamaso pa iwo amene anaumba njerwa za sukulu yace. Akatha kutero wosagwetsa nkhope, mlekeni apemphe ndi mtima woyera, ndipo akasankhidwa mumperekeze ndi cimwemwe. Akalephera, alembenso kufikira pepala ndi mtima zinena cimodzi. Pakuti kutsala ndi coonadi kuposa kupita ndi malo a mwini.