Dzanja la Suárez: Kodi Cilango Ndico Mtengo wa Colakwa?

Anyamata a m'midzi mwathu akonda mpira wa miyendo koposa, ndipo palibe sukulu yopanda bwalo lace, ungakhale mpirawo uli wa nsanza zomanga ndi luzi. Ife akuru tikapita pafupi timva phokoso, ndipo kawiri kawiri mkangano uli pa munthu uja wa wezulo. Ena ati wakondera, ena ati alibe maso. Koma mwezi uno tifuna kukamba za woweruza amene sanakondera, amene anaona bwino, naweruza molunjika monga mwa lamulo. Ndipo cinkana anatero, olakwiridwa anapita kwao alikulira, wolakwa napita alikubvina. Mlandu wotere uyenera kuukhalira pansi.

Pa 2 July, 2010, m'mudzi waukuru wa Johannesburg, ku Joni kuja kumene makolo athu ambiri anakagwira nchito ya m'migodi, anakomana a dziko la Ghana ndi a dziko la Uruguay pa masewera a cikho ca dziko lonse. Unali ulendo woyamba kuti masewerawa acitike m'Afrika. Ndipo mwa maiko 6 a Afrika amene analowamo, anatsala a Ghana okha. Akadapambana usiku umenewo akadalowa mwa matimu 4 otsiriza, kumene timu ya Afrika inali isanafikeko ndi kale lonse. Cifukwa cace anthu a mitundu yambiri, amene sanaona Ghana ndi maso, anakhala a Ghana tsiku lija. Sulley Muntari anagoletsa cigoli ca Ghana, Diego Forlán nabweza ca Uruguay. Zinatha mphindi 90, naonjeza zina 30, osaoneka wopambana. Tsono pa mphindi yotsiriza yeni yeni mpira unagwera pakhomo pa golo la Uruguay. Stephen Appiah anaumenya, ndipo Luis Suárez, amene anaima pamzere, anaubweza ndi mwendo, monga aloledwa kutero. Pomwepo Dominic Adiyiah anaugunda ndi mutu, goloboyi ali potero. Ndipo mpira uli nkulowa, Suárez anatukula manja ace nauomba, monga munthu aingitsa nkhuku pa mphasa ya mphale.

Woweruza, Olegário Benquerença wa ku Portugal, sanazengereza. Anaturutsa khadi lofiira, namcotsa Suárez m'bwalo, napatsa a Ghana penate, ndiko kuti munthu mmodzi amenye mpira pa mayadi 12, popanda womchinga wina koma goloboyi yekha. Anautenga Asamoah Gyan, amene anali atagoletsa kale mapenate awiri pa masewera omwewo. Naumenya, mpira nugunda mtanda wa pamwamba, nuturuka. Suárez, amene analikucoka ndi misozi, pakuona ici analumpha ndi cimwemwe. Anatsiriza ndi kumenyerana mapenate, ndipo a Uruguay anagoletsa 4, a Ghana 2.

Tiyambe ndi woweruzayo. Ambiri anapsa naye mtima, nati, Kodi sanaona kuti mpira unali nkulowa? Bwanji sanangoti cigoli? Ife titi munthuyo sanalakwa konse. Lamulo la mpira liti cigoli ndi cigoli pamene mpira wonse wapitirira mzere; ndipo silimpatsa wa wezulo mphamvu ya kuwerenga cigoli cimene sicinalowa. M'masewera ena ochedwa rugby woweruza ali nayo mphamvu yotere, koma mu mpira wa miyendo mulibe. Ngakhale makina a zithunzi aja othandiza oweruza, amene anayamba nao pa cikho ca 2018, sakadasintha kanthu, pakuti panalibe cobisika. Dziko lonse linaona dzanjalo. Ndipo taganizani, abale: woweruza akaloledwa kulumpha lamulo tsiku limene mtima wace wagwidwa cisoni, adzalilumphanso tsiku limene alikusewera mwana wa mlongo wace. Tidziwa tonse kusautsa kwa mfumu yoweruza monga yadzukira m'mawa. Benquerença anapereka zonse zimene lamulo linaika m'dzanja lace, osacepsa, osaonjeza. Ndipo pa ici ayenera ulemu.

Tsono ngati woweruza sanalakwa, colakwa cagona pati?

Nkhaniyi siyacilendo. M'caka ca 1891, ku England, timu ya Stoke inalikusewera ndi ya Notts County, ndipo pomariza peni peni munthu wa Notts County anachinga mpira ndi dzanja pamzere wa golo. Masiku amenewo penate kunalibe. Anangowapatsa a Stoke kumenya mpira pamalo pomwepo, goloboyi naima pamaso pace penipeni, naugwira, a Stoke nagonja. Caka comweco eni malamulo analandira uphungu wa William McCrum, munthu wa ku Ireland amene anali goloboyi iye mwini, naika lamulo la penate. Codabwitsa ndi ici, kuti ambiri analikana lamulolo, nati liwanyoza, pakuti liyesa kuti munthu waulemu angathe kulakwira mnzace dala. A timu yochedwa Corinthian anafika pakuti akapatsidwa penate amamenyera mpira kunja mwadala, ndipo akalakwa iwo, goloboyi wao amapatuka, kusiya golo lapululu. Kapena tiwaseka lero. Koma anazindikira kanthu. Anaona kuti cilango cikalembedwa, adzauka anthu ena amene adzaciwerenga monga awerengera mitengo ya katundu m'sitolo.

Ndimo mwace mwa mlandu wa Suárez. Mpira wa Adiyiah unali cigoli cosakayikitsa. Penate ndi cigoli cokayikitsa, pakuti mwa mapenate 4 alowa ngati 3. Ndipo kucotsedwa m'bwalo, kumene kupweteka timu pamene nthawi ikalipo, sikunapweteka kanthu usiku uja, popeza nthawi inali itatha. Potero wolakwayo anasinthanitsa imfa ndi nthenda, ndipo nthendayo anacira nayo.

Tisamnamizire munthu, ali nao omnenera, ndipo mau ao sali opepuka. Ati, Suárez sananyenga woweruza, monga anacitira Diego Maradona m'caka ca 1986, amene anagoletsa ndi dzanja mobisa pamene analikusewera ndi England. Uyu anacita poyera, nalandira cilango cace osatsutsa, nataya malo ace pa masewera otsatawo, amene a Uruguay anagonja kwa a Netherlands, 3 kwa 2. Anadzipereka cifukwa ca anzace. Iye mwini, pofunsidwa m'caka ca 2022, anakana kupepesa, nati khadi lofiira analandira, ndipo wophonya penate sanali iye. Kunena kwina, Ndinalipira, mufunanso ciani?

Apa ndipo tisiyana nao. Pali kulipira kwa pamsika, palinso kulipira kwa pabwalo la milandu, ndipo ziwirizi sizifanana, zingakhale zonse zituruka m'thumba limodzi. Pamsika upereka ndalama, nutenga mcere, mcerewo ndi wako, ndipo palibe wodandaula, cifukwa mwini wace anabvomera kugulitsa. Koma tiyese munthu wa ng'ombe m'mwezi wa October, msipu utauma, aona dimba la mnansi wace liri biriwiri. Awerenga mumtima mwace, nati, Mlandu wa dimba ndi mbuzi imodzi, koma ng'ombe zanga ziposa mbuzi khumi. Ndipo apasula mpanda dzuwa liri pamutu, anthu ali kuona, nalowetsa ng'ombe. M'mawa mwace afika kwa mfumu mbuzi ali nayo kale pacingwe, nati, Nayi, tisataye nthawi. Kodi akuru a pabwalo adzati munthuyu ndi woongoka, popeza sanabisa, ndiponso walipa msanga? Iai. Adzati watipeputsa, wayesa bwalo lathu msika. Mbuzi ija inaikidwa kuti anthu aope kupasula mipanda, ndi kuti wopasulayo acite manyazi; siinaikidwa kuti ikhale mtengo wa ndiwo za mwini dimba, pakuti iye sanatsatsa dimba lace. Momwemonso a Ghana sanatsatsa cigoli cao.

Ndipo khadi lomwelo licitira umboni. Makadi anayamba cifukwa ca cisokonezo ca m'caka ca 1966, pamene woweruza wa ku Germany anaturutsa Antonio Rattín wa ku Argentina, ndipo awiriwo sanamvana cinenero, Rattín nakana kucoka nthawi yaitali. Ken Aston, mkuru wa oweruza, anatengera nzeru pa nyali za pamseu, yacikasu ndi yofiira, ndipo makadi anayamba kugwira nchito pa cikho ca 1970 ku Mexico. Nchito ya khadi lofiira ndiyo kunena ndi anthu a manenedwe onse, ndi wokhala kutali yemwe, kuti, Uyu wacita cosayenera. Siliri ngati citupa ca msonkho, cimene munthu acisunga m'thumba kuti akacionetse ponyada kuti anakhoma.

Pali cina cimene mabwalo a makolo athu aposa naco bwalo la mpira. Kwathu colipa cipita kwa wolakwiridwa, kuti cimene anataya cimbwerere. Ndipo mlandu sukutha kufikira wolakwa wapepesa ndi pakamwa pace. Koma lamulo la mpira silibweza cobedwa. Lingopatsa mwai wa kucilondola. Kuli ngati mfumu inena ndi mwini mbuzi yobedwa, kuti, Tidzaimasula pabwalo, ndipo ukaikola ndi kuponya cingwe kamodzi, ndi yako. Ukaphonya, ndi ya mbala. Taonani tsono cipatso cace cowawa: katundu acoka pamutu pa wolakwa, nasenzedwa wosalakwa. Kuyambira usiku uja anthu ambiri anena kuti Gyan ndiye anagwetsa Afrika. Mnyamatayo, mphindi zowerengeka ataphonya, analimba mtima nayamba ndiye kumenya mwa a Ghana pa mapenate otsiriza aja, nagoletsa. Koma ici acikumbuka ndi ocepa. Zitapita zaka zambiri ananena yekha kuti penate ija imsautsabe. Pa ici ife tiyesa kuti eni malamulo ali ndi mangawa. M'caka ca 2016 anafewetsa cilango ca munthu wogwetsa mnzace pafupi ndi golo alikulinga mpira, kuti alandire khadi lacikasu m'malo mwa lofiira. Wochinga dala ndi dzanja anamsiyira lofiira. Anadziwa tsono kusiyanitsa ngozi ndi dala. Akadapitirira phazi limodzi, nanena kuti mpira wochingidwa ndi dzanja pamzere uwerengedwe cigoli, malonda otere akadatha, pakuti palibe munthu agula cinthu copanda phindu.

Wina adzati, Mwamuweruza kolimba. Kodi m'kuphethira kwa diso munthu awerenga zonsezi? Dzanja lithamanga lokha. Ici tibvomera, ndipo cifukwa cace sititsutsa dzanjalo kwambiri monga titsutsa zotsata zace. Munthu akaponda mwana wa mnzace m'kuthawa moto, sitimuyesa woipa. Koma moto utazima tiyembekeza kuti abwere, nati, Pepani. Cimene citibvuta ndi kulumpha kuja, ndi kunyamulidwa pa mapewa, ndi kukana kupepesa zitapita zaka 12, mtima utazizira kale. Ndiponso dzanja lithamangira kumene linazolowera. Anyamata athu anaona zonsezi, ndipo ena a iwo aphunzitsana kuti mnzako akakupitirira umkoke malaya, kuti kulandira khadi kuposa kugoletsedwa. Cinthuci acicha nzeru.

Koma tisadziyese oyera, pakuti anyani sasekana zikundu. Tadzifunsa tokha funso ili, ndipo yankho lace silinatikondweretsa: likadakhala dzanja la mnyamata wa Ghana, pa golo la Ghana, mphindi yomweyo, tikadanena ciani? Tiopa kuti tikadampekera nyimbo, ndi kucha ana athu dzina lace. Tikadati ndiye mwamuna, wafera mtundu wace. Ngati kuli tero, ndiye kuti mkwiyo wathu wa usiku uja unali wosanganiza. Mbali ina unali wa cilungamo, mbali ina unali wa kuluza cabe, ndipo sitidziwa bwino mbali yaikuru ndi iti. Anthu a ku Uruguay amene amlemekeza Suárez sali oipa koposa ife; dziko lao ndi laling'ono, anthu ace sakwana mamiliyoni 4, ndipo anali asanafike pa matimu 4 otsiriza kuyambira 1970. Njala yao inali yonga yathu.

Pa 2 December, 2022, ku Qatar, maiko awiriwa anakomananso pa cikho comweco. A Ghana anapatsidwanso penate, ndipo André Ayew anaimenya, goloboyi naigwira. A Uruguay anapambana 2 kwa 0, koma zigolizo zinawacepera, ndipo matimu onse awiri anaturuka tsiku limodzi. Suárez anakhala pa benci, nabisa nkhope m'malaya ace, alikulira. Ambiri kuno anaseka, nati mlandu suola. Ndipo sitikana, ifenso tinamwetulira. Koma misozi imeneyo siinabwezera a Ghana kanthu. Ulemu uja wa kukhala oyamba a Afrika kulowa mwa matimu 4 otsiriza unapita kwa a Morocco, mwezi womwewo, atagonjetsa a Portugal.